Maluwa amene ali ndi nkhokwe pansi

Lachiwiri m'mawa, ndisanatereke n'komwe madzi a tiyi, mdzukulu wanga anatulukira akuthamanga kuchokera kuseri kwa nyumba. "Agogo, tabwerani mudzaone, chija chatuluka!" Ndinadziwiratu chimene amanena. Pansi pa mtengo wa mango, pamalo pomwe ndinazunguliza zidutswa za njerwa, panali patatuluka phesi limodzi lonenepa ngati chala chachikulu, lamathothomathotho kumunsi kwake, ndipo kunsonga kwake kunali mutu wofiira utangoyamba kumasula. Pofika Lachisanu mutuwo unali utasanduka mpira wathunthu, waukulu kuposa lalanje, wa timaluwa tambirimbiri tosongoka ngati masingano, kalikonse ndi kadontho kachikasu pamwamba. Tsamba panalibe ndi limodzi lomwe. Nthaka yozungulira inali youma gwa, yoti khasu limangonjanja, popeza mvula yeniyeni tinaiona komaliza mu Epulo ndipo malo amenewo sindithirirako.

M'mabuku a zomera duwa limeneli amalitcha Scadoxus multiflorus, koma pakhomo pano ana amangoti duwa la mvula, chifukwa likatuluka timadziwa kuti mitambo ili pafupi. Limakhala pafupifupi milungu iwiri, kenaka limafota, masamba n'kutuluka pambuyo. Chaka ndi chaka limabwera pamalo omwewo popanda kulikumbutsa. Anthu angapo amene amadutsa pamsewu wathu akhala akundifunsa kuti bwanji pakhomo panga pamaoneka maluwa ngakhale mu Okutobala pamene kwina konse kuli fumbi lokhalokha, ndipo ena amaganiza kuti ndili ndi chitsime chobisika. Chitsime ndilibe. Ndinangosintha zomera zomwe ndimabzala, ndipo kusinthako kunandidyera zaka ndi ndalama ndisanakumvetse.

Tinalowa m'nyumba muno, kuno ku Matawale mumzinda wa Zomba, nyumbayo isanathe bwinobwino. Bwalo lonse linali katondo wofiira wosakanikirana ndi zotsalira za amisiri: zidutswa za njerwa, simenti youma, misomali yopindika. Mtima wanga unali pa maluwa aja timawaona pa makalendala. Ndinkafuna marozi m'mbali mwa khonde, kapinga wobiriwira kuyambira pageti mpaka pakhomo, ndi timaluwa tamitundumitundu m'mphepete mwake. Malipiro akangotuluka ndinkatsikira kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, n'kubwera ndi machubu akuda odzaza m'beseni, ena atawafesera m'mapaketi a chibuku. Ndinkasankha chilichonse chomwe chinali ndi duwa lowala tsiku limenelo, osafunsa kuti kwawo n'kuti kapena chimakhala nyengo zingati. Zambiri mwa izo zinali zomera za nyengo imodzi, zomwe zikachita maluwa n'kugwetsa njere moyo wake umathera pomwepo. Zikauma ndinkaona ngati ndalakwitsa kasamalidwe, ndiye ndinkapita kukagula zina.

M'dzinja zonse zinkaoneka bwino. Mavuto ankayamba mu Sepitembala. Kapinga amafuna madzi tsiku ndi tsiku, marozi nawonso, ndipo katondo akauma amalimba ngati njerwa moti madzi oyamba amangoyenderera pamwamba. Chaka cha 2016, mvula itavuta dziko lonse m'nyengo ya 2015 ndi 2016, madzi a m'mipopi ankabwera modukizadukiza, nthawi zina pakati pa usiku. Ndinkadzuka kukatunga a pakhomo, kenaka ndinkayamba kuthirira maluwa ndi kheni mumdima. Tsiku lina abambo akunyumba anandikhazika pansi ndi bilu ya madzi m'manja. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Amayi, izi sitingazikwanitse mwezi ndi mwezi, ndipo anzathu kumtundaku akusowa ndi akumwa omwe." Ndinasiya kuthirira kapinga. Pasanathe milungu itatu anali atapsa, ndipo chiswe chinalowa m'marozi ofooka aja n'kuwadya kuyambira kumizu. Pa marozi khumi ndi awiri panatsala limodzi.

Mu Okutobala chaka chomwecho tinapita kumudzi kwathu ku Ntcheu, cha ku Tsangano, kukaika maliro a malume anga. Pochokera kumanda tinadzera njira yodutsa pa lupsa, pomwe moto unali utadutsa milungu ingapo m'mbuyomo. Pansi panali bii, phulusa likumatirira kumapazi. Koma pakati pa phulusalo panali maluwa: ena achikasu ongokhala pansi penipeni opanda phesi, ena apinki, ena ofiirira, ndi timasamba tanthete tobiriwira tikutuluka m'zitsa zopserera. Mitengo ya mombo ndi tsamba inali itavala masamba atsopano ofiira ngati kuti yathiriridwa. Ine, ndi mtima wanga wa marozi akufa aja, ndinafunsa amayi kuti, "Amayi, kodi kuno kwagwa kale mvula?" Iwo anandiyang'ana n'kuti, "Mvula iti, mwanawe? Chizimalupsa sichinagwe. Izi zili ndi nkhokwe zake pansi." Anatola kamtengo, n'kuwerama pa kachomera kena ka masamba anayi okha, n'kuyamba kufukula. Pansi pa timasamba tija panali chimuzu cholimba, chachikulu ngati chinangwa chokhwima. Anakwiriranso bwinobwino, n'kupondapo ndi chidendene, tinapitiriza ulendo.

Ndinakulira m'dera lomwelo, ndipo lupsa ndinalidutsa kambirimbiri popita kusukulu, koma ndinali ndisanaganizepo kuti zomera zimenezi zingakhale maluwa a pakhomo. Kwa ine linali tchire basi. Dziko lathu limakhala miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri lopanda mvula chaka chilichonse, ndipo zomera za kuno zinazolowera zimenezo kalekale. Zimadya ndi kusunga m'dzinja, zimagona m'chisanu, ndipo zambiri zimadzuka kutentha kukafika pachimake, mvula isanagwe, pogwiritsa ntchito zomwe zinasunga.

Pobwerera amayi anandimangira pa kansalu timizu ta buye. Amene munakulira ku Ntcheu, ku Dedza kapena ku Neno mukumudziwa buye, timbatata tating'ono totalika ngati zala tomwe timadya tosaphika kapena tophika. Anandipatsa kuti ndikadye, koma ndinapatula pang'ono n'kubzala m'mphepete mwa mpanda. M'dzinja anamera mapesi aubweya okhala ndi ngodya zinayi, masamba ake okhakhala. Sindinakumbe. Masamba anayoyoka m'chilimwe, ndipo ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma chakumapeto kwa chilimwe mapesi opanda masamba aja anadzaza timaluwa tachikasu, njuchi zili ng'waa kuyambira m'mawa. Kumudzi buye timamukumba asanafike pamenepa, n'chifukwa chake ambiri sitidziwa kuti amachita maluwa okongola chotere. Tsopano ndili ndi mzere wake wonse. Theka ndimakumba kuti ana alaweko chakudya cha kwawo, theka ndimalisiya.

Mayina ndi makhalidwe a zomera zina ndinakaphunzira kumunda wa zomera wa boma womwe uli konkuno ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Munda umenewu ndi wakale. Unayamba mu 1891 ndi Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene m'mabuku amautcha Widdringtonia whytei. Masiku ano umayang'aniridwa ndi bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1987 ndipo lili ndi minda inanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Anthu ambiri amapitako kukajambulitsa zithunzi za ukwati kapena kukapuma pamthunzi, zomwe n'zabwino ndithu, koma ndimalakalaka akanamawerengako timapepala ta mayina tija ndi kucheza ndi ogwira ntchito m'mundamo. Ine ndinkapita Loweruka ndi kabuku, n'kumaona kuti chomera chakuti chili padzuwa kapena pamthunzi, pamwala kapena pachinyontho, ndipo mwezi uno chikuoneka bwanji poyerekeza ndi mwezi watha.

Kumeneko n'komwe ndinadziwira kuti zomwe tonse timangoti alovera zilipo mitundu yambiri, ndipo ina ndi ya konkuno, yomera yokha pamiyala ya m'mapiri athu. Alovera weniweni amene amalowa m'mafuta odzola kwawo ndi ku Arabia. Wathu amene ndimamukonda kwambiri ndi Aloe cameronii, yemwe anatchulidwa dzina la Kenneth Cameron, mzungu wa kampani ya African Lakes amene anamutumiza kumunda wa zomera wa Kew ku England kuchokera kuno, ndipo analembedwa m'mabuku mu 1903. M'dzinja masamba ake amakhala obiriwira ngati alovera wina aliyense. Mvula ikasiya, dzuwa n'kumuwomba, amayamba kufiira pang'onopang'ono mpaka chitsa chonse chimakhala psuu ngati mkuwa wotentha. Mukamuthirira kwambiri kapena kumuika pamthunzi safiira. M'chisanu, mu Juni ndi Julayi, amatulutsa mapesi a maluwa ofiira onga timachubu tolendewera, ndipo nthawi imeneyo timbalame ta choso, tija ta milomo yaitali yopindika, sitichoka pakhomo pano. Ndimakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi n'kumationerera tikukangamira paphesi chadodolido, tikulowetsa mlomo m'duwa lililonse motsatana kuchokera kumunsi.

Woyamba amene ndinapatsidwa ndinamupha ndi chikondi cha marozi. Ndinamukumbira dzenje lakuya, ndinathiramo manyowa a khola ambiri, ndipo ndinkamuthirira madzulo aliwonse. Mu Febuluwale ndinangomugwira pang'ono, chitsa chonse chinazuka m'manja mwanga, kumunsi kutaola phwetephwete. Zomera zimenezi zimasunga madzi m'masamba, ndipo timabowo topumira ta pamasamba ake timatseguka usiku kukazizira, masana n'kutsekeka kuti madzi asathawe. Chimene sizipirira ndi madzi odikha pamizu. Tsopano ndimaunjika kachulu kofika m'bondo, ka dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi zidutswa za njerwa zija amisiri anandisiyira, n'kubzala pamwamba pake. Ana ake amene amaphuka m'mbali ndimawadula ndi mpeni wakuthwa, ndimawasiya pamthunzi masiku anayi kapena asanu kuti bala liume, kenaka ndimawakhazika pa kachulu kawo n'kuwatchinjiriza ndi miyala. Sindithirira mpaka patapita sabata. Mdani wake wamkulu kwa ine ndi tizilombo toyera tomatirira pamasamba ngati ufa; timeneti ndimatichotsa ndi mswachi wakale ndi madzi a sopo. Ndipo chonde, musamangodula alovera aliyense n'kumwa madzi ake poti mwamva kuti ndi mankhwala. Mitundu yake si yofanana, ina imatsegula m'mimba koopsa.

Phunziro lovuta kwambiri linali la zomera zogona. Mnzanga wa kutchalitchi anandipatsa timizu tiwiri ta duwa lija lofiira ndi chikasu, la masamba opindikira m'mwamba ngati malawi a moto, lomwe ndi duwa la fuko la Zimbabwe koma limameranso m'tchire la kwathu kuno. Dzina lake la m'mabuku ndi Gloriosa superba. Limayanga pogwira ndi nsonga za masamba ake, zomwe zimapotana ngati kachingwe pa chilichonse chomwe zakhudza. Linachita maluwa mu Januwale pa waya wa mpanda, aliyense wodutsa ankaima. Pofika Meyi linali litauma lonse, osasiya chizindikiro. Mu Ogasiti ndinalemba mnyamata waganyu kuti agalauze m'mbali mwa mpanda, ine n'kupita kuntchito osamuuza kanthu. Pobwera ndinapeza timizu tija tili pamtunda, todukaduka. Mlandu sunali wake. Iye anaona dothi lopanda kanthu ndipo anagwira ntchito yomwe ndinamutuma. Muzu wa duwali uli ngati chilembo cha V, ndi wosachedwa kuthyoka, ndipo umaphukira kunsonga kokha. Nsonga ikaduka, chotsalacho sichimeranso. Pa zidutswa zonse zija chinamera chimodzi.

Kuyambira pamenepo malo alionse pomwe pagona chomera ndimazunguliza njerwa ndi kuzika kamtengo, ndipo aliyense wogwira khasu pakhomo pano amadziwa kuti m'kati mwa njerwa simulowa khasu. Masamba akayamba kuchita chikasu sindiwadula ngakhale aoneke osalongosoka, chifukwa nthawi imeneyo chakudya chimakhala chikutsikira kunkhokwe. Ndimadikira mpaka aume okha. M'chilimwe sindithirirapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo miyezi isanu yoyang'ana dothi louma osalikhudza imayesadi mtima wa munthu wokonda maluwa.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindifuna kuti wina achiphonye. Duwa la malawili ndi poizoni, makamaka muzu wake, ndipo muzuwo umafanana ndi kambatata moti mwana atha kuutola n'kuuluma. Umapha. Duwa la mvula lija nalonso chimuzu chake chonga anyezi n'chapoizoni. Ine ndinazibzala kutali ndi buye ndi mbatata, ndipo adzukulu anga ndinawatenga mmodzimmodzi kukawaonetsa kuti ichi n'chongoona ndi maso. Ngati pakhomo panu pali ana aang'ono oti sangamve, dikirani akule.

Nkhondo yaikulu pakhomo pano inali ya tsache. Tonse tinaleredwa kuti pakhomo pa munthu waukhondo pamasesedwa mbee m'mawa uliwonse, zinyalala n'kutenthedwa. Ine nditayamba kusiya masamba a mango ndi udzu wouma pansi pa zomera, apongozi anga atabwera kudzacheza anadandaula kwambiri. "Apongozi, mukuweta njoka apa. Ana awa akalumidwa mudzati chiyani?" Nkhawa yawo inali yoona ndipo sindinaipeputse. Tinagwirizana kuti bwalo la kutsogolo, njira zonse ndi malo osewerera ana zizisesedwa monga kale, ndipo mikono iwiri kuchokera kukhoma la nyumba pazikhala poyera kuti chiswe chisapeze njira. Koma m'mabedi a maluwa dothi limakhala lofunditsidwa. Ndimayala masamba ouma kukhuthala kwake ngati zala zinayi, osawagundanitsa ndi tsinde la chomera. Chiswe chimabweradi, koma chimadya zouma zija n'kuzisandutsa dothi, ndipo ndaona kuti chomera chathanzi sichichilabadira kwenikweni. Chimene chimagwidwa ndi chomwe chafooka kale ndi ludzu. Mukafukula pansi pa masambawo mu Okutobala masana, dothi limakhala lozizira m'manja, pamene pabwalo losesedwa simungaponde opanda nsapato. Katondo uja anali ngati njerwa tsopano ndi wakuda pamwamba ndipo muli nyongolotsi.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, chigawo chakummwera chinalira maliro ochuluka, ndipo za maluwa si zoti n'kuziyerekeza ndi zomwe anzathu a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe anaona. Ndingonena zomwe ndinaona pabwalo langa. Puloti yathu ndi yotsetsereka pang'ono. Mbali yosesedwa madzi anakumba ngalande yofika m'kakolo, n'kukokolola dothi kupita nalo kumsewu. Mbali ya mabedi, komwe kuli mizu ya zomera zokhalitsa ndi mzere wa udzu wa vetiva womwe ndinabzala mopingasa chitsetserekocho monga achitira alimi pa akalozera, dothi silinasunthe. Madzi ankafika pa vetiva, n'kuima, n'kulowa pansi. Chaka chotsatira, 2024, kunabwera ng'amba mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo mabedi omwewo anapirira osathiriridwa. Mvula itatha ndinawonjezera mzere wina wa vetiva kumtunda.

Pafupi ndi khitchini ndinabzala chanzi. Kumudzi chimangomera m'mbali mwa njira ndipo palibe amene amachiyesa duwa, koma mukachidulira bwino mvula ikatha chimapanga chitsamba chozungulira chofika m'chiuno, cha timaluwa toyera tating'ono tomwe njuchi ndi agulugufe amatikonda. Mukachikhudza podutsa, fungo lake longa la ndimu limatsala m'manja. Masamba ake ndimawaumitsa pamthunzi n'kumawathira mu tiyi m'nyengo yozizira, monga ankachitira agogo anga wina akagwidwa chimfine. Kuchulukitsa kwake n'kosavuta: mu Disembala ndimadula tinthambi totalika ngati chikhatho, ndimachotsa masamba a m'munsi, n'kuzika m'chubu pamthunzi. Muwale nawo sunandivutitse. Ndinazika chinthambi chachikulu ngati mpini wa khasu mvula ili pafupi, chinagwira, ndipo tsopano chaka chilichonse chakumapeto kwa chilimwe umachita maluwa ofiira pa nthambi zopanda masamba.

Gondolosi ndiye ndinamubzala ndi chisoni. Mizu yake ili pamsika uliwonse ndi m'madepoti, yomangidwa m'timitolo, koma ndi angati mwa ogula amene anaonapo chomera chake? Ndi chomera choyanga, cha masamba aakulu onga mtima, chotuluka mkaka mukachithyola, ndipo chimakonda mthunzi ndi chinyontho cha m'nkhalango. Zipatso zake zimabwera ziwiriziwiri ngati nyanga, zikauma zimang'ambika n'kutulutsa njere zokhala ndi ubweya woyera zouluka ndi mphepo. Popeza chofunika kwa anthu ndi muzu, okumba amazula chomera chonse, ndipo m'malo ambiri chikusowa. Njere zanga ndinapatsidwa ndi mkulu wina amene amamulima kuseri kwa nyumba yake. Ndinafesa m'machubu, ndinawokera patsinde pa mtengo wa mapeyala, ndipo pano wakwera mpaka kunsonga. Iye yekha ndi amene ndimamupatsako madzi otsukira mbale m'chilimwe.

Nkhani ya gondolosi ndi imene imandichititsa mantha ndikamalimbikitsa anthu kubzala zomera za kwathu. Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kunyamula khasu ndi thumba kupita kuphiri. Tikuona zomwe zikuchitikira maluwa a m'madambo a kumapiri omwe timizu take amapangira chakudya chotchedwa chikanda: ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a mtundu umenewu, koma kukumba kwa malonda, kuno ndi ku Zambia ndi ku Tanzania, kukuwapulula, chifukwa mukachotsa kamuzu chomera chatha. Nthawi zina pamsewu wokwera phiri la Zomba mumakumana ndi munthu atanyamula maluwa ozulidwa m'nkhalango, mizu ili lende. Ndikudziwa kuti ndi umphawi umene umamutuma, ndipo ndimagula zipatso zake ngati ali nazo, koma maluwawo sindigula. Ambiri mwa iwo amadalira nthaka ndi nkhungu ya kuphiri komweko, ndipo akatsikira kuno kotentha amafa pasanathe chaka. Komanso lamulo la zankhalango la 1997 sililola kutenga zomera m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Zanga zonse zinachokera ku njere, ku nthambi, kwa anzanga amene anagawa zitsa zawo, kapena pamalo pomwe anthu ankalambula kuti amange nyumba. Duwa la mvula lija ndinalipempha pa puloti ya aneba tsiku lomwe ankakumba maziko.

Sikuti zakunja ndinazithamangitsa zonse. Zilipo zina zochokera kumaiko okhala ndi chilimwe chonga chathu, ndipo zimakhala bwino popanda mpopi. Bougainvillea wa pageti kwawo ndi ku South America, koma amachita maluwa kwambiri akamva ludzu. Mukamuthirira amangochulutsa masamba ndi minga. Poinsettia wa ku Mexico, amene kumaiko a kumpoto amamugwirizanitsa ndi Khirisimasi, kuno amafiira mu Juni ndi Julayi chifukwa chimene chimamufiiritsa ndi kutalika kwa usiku. Frangipani amayoyola masamba m'chisanu n'kudzuka yekha kukatentha. Agapanthus wa ku South Africa ndimamugawa zitsa pakatha zaka zitatu kapena zinayi, mvula ikayamba. Funso lomwe ndimafunsa tsopano ndikaima pa ogulitsa maluwa ndi lakuti, "Achimwene, ichi chikhala zaka zingati, ndipo mu Okutobala chimafuna madzi kangati pa sabata?" Amene amadziwa ntchito yawo amayankha mosabisa, ndipo ena ayamba kundisungira zomera za kwathu akazipeza.

Zomwe ndinazula ndi lantana. Ndinamugula ndekha poona timaluwa take tosakaniza pinki ndi chikasu, koma mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere paliponse, ndipo akalowa m'tchire amaphimba zomera zonse za pansi. Masamba ake amadwalitsanso ng'ombe. Zinanditengera madzinja awiri kuti ndimalize kuzula ana ake. Deliya ndinamusiya pakona imodzi chifukwa masamba ake amaola msanga mu kompositi, koma ndimamudula asanagwetse njere. Rozi limodzi lotsala lija likadalipo pafupi ndi khonde. Limamwa madzi otsukira mpunga, ndipo limandipatsa maluwa okwanira kuika patebulo alendo akabwera.

Sabata ino ntchito yachuluka chifukwa kumwamba kwayamba kuda cha kumadzulo ndipo usiku kukumveka mabingu kuseri kwa phiri. Machubu a chanzi ndadzazamo kale dothi. Ana a alovera wofiira khumi ndi asanu ali pamthunzi kuumitsa mabala, asanu ndi a amayi a m'kwaya amene anandipempha, otsalawo apita pa kachulu katsopano pafupi ndi geti. Kompositi wapsa, ndiyenera kumuyala m'mabedi mvula yoyamba isanagwe. Pa waya wa mpanda ndamangirira tizingwe tatsopano poti duwa la malawi lija, lochokera ku kachidutswa kamodzi kopulumuka, chaka chatha linatulutsa mapesi asanu ndi awiri. Amayi anga anatumiza uthenga kuti buye wa kumudzi anavuta chaka chino, mbewu yatsala yochepa, ndiye ndakumba theka la mzere wanga ndipo ndamanga pa kansalu komweko anandipatsira. Mlongo wanga akwera nayo minibasi ya ku Ntcheu Loweruka m'mawa.